Mwana akakufunsani kuti ku Appin kunachitika chani: mmene ndimayankhulira ndi ana anga za kuphedwa kwa ma Aboriginal

Ndikulembera inu makolo anzanga ochokera ku Malawi ndi ku Zambia amene mukulera ana kuno ku Australia, komanso aphunzitsi a kumudzi amene mumaphunzitsa za atsamunda, mwina nanunso mutolapo kanthu. Ife timakhala ku Campbelltown, kumwera chakumadzulo kwa Sydney. Tsiku lina mtsikana wanga wa zaka 9 pochokera kusukulu anandipeza ndikukazinga anyezi, chikwama chili kumsana, nsapato osavula, nkundifunsa kuti "Amayi, zoti asilikali anathamangitsira anthu kuphompho ku Appin nzoona? Ndi ana omwe?" Appin yake ndi yomweyi timadutsa tikamapita kunyanja ku Wollongong, pagalimoto mwina mphindi 20 kuchokera pakhomo pathu. Ine ndinangoti kasinthe kaye zovala, koma zoona zake yankho ndinalibe, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere. Zaka zonsezi ndikudutsa pamalo amene panafera anthu, mwana wanga ndi amene akundiuza.

Nde izi ndi zimene ndakhala ndikuchita kuyambira tsiku limenelo, ndi wa zaka 9 uja komanso mchimwene wake wa zaka 14.

Choyamba, phunzirani kaye inuyo mwana asanakhale pansi. Musayambe kumuwerengera zinthu pafoni zimene inunso mukuziona koyamba, chifukwa muzapezeka mwafika pa ndime yoopsa mwana ali pambali panu akuyang'ana nkhope yanu. Mutu wa nkhani ndi uwu: pa 26 January 1788 zombo za a Britain, zinalipo 11, motsogozedwa ndi Arthur Phillip, zinakocheza pamene pano pali Sydney. Anapeza dziko lili ndi eni ake, ma Aboriginal, anthu amene akhala kuno zaka zoposa 60,000, oyankhula ziyankhulo zoposa 250. Panalibe pangano lililonse, panalibe kugula malo, anangotenga ngati kuti dziko lilibe mwini, ganizo limene khoti lalikulu la kuno linazalikana mu 1992 pa mlandu wa Eddie Mabo. Mu 1789 nthomba inapha anthu ambiri a mmbali mwa Sydney. Kenako nkhosa ndi ng'ombe za atsamunda zinayamba kulowerera mkati mwa dziko, kulanda madambo ndi zitsime, kupondereza zakudya za mtchire zimene eni nthaka ankadalira, eni nthaka akabaya ng'ombe kapena kubwezera ataphedwa m'bale wawo ndiye kumabwera gulu la pa mahatchi ndi mfuti kuzapha aliyense amene amupeza. Zimenezi zinayenda choncho zaka 140, malire a nkhondoyo akungosuntha. A ku University of Newcastle, motsogozedwa ndi malemu Lyndall Ryan, anapanga mapu a pa intaneti osonyeza malo oposa 400 amene anthu anaphedwa mwaunyinji pakati pa 1788 ndi 1930, anthu oposa 10,000, ndipo iwo ankangowerengera malo amene panafa anthu 6 kapena kuposa nthawi imodzi komanso pali umboni. Mapu amenewa atseguleni nokha usiku ana atagona. Mufufuze timadontho tili pafupi ndi kwanu. Mukafuna kulira lirani pamenepo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, musayambire pa imfa. Mwana amene wangomva koyamba za mtundu wa anthu nkumva kuti anaphedwa basi, mmutu mwake amawaika ngati anthu akale amene anatha. Yambani ndi funso losavuta: pamene pali nyumba yathupa ndi dziko la ndani? Kwathu kuno ndi kwa a Dharawal. Ngati muli pakati pa Melbourne muli kwa a Wurundjeri, ku Adelaide a Kaurna, ku Perth a Whadjuk Noongar. Pali mapu okongola a AIATSIS, bungwe lofufuza za eni nthaka a kuno, osonyeza mitundu yonseyi ndi makaka osiyanasiyana, ku laibulale zambiri amakhala pakhoma. Ine ndinagula anga nkumata pafupi ndi firiji, pambali pake ndinamata mapu a Malawi, nkuwauza ana kuti onani, mmene kwathu kuli Achewa, Atumbuka, Ayao, Alhomwe, Asena, Atonga, Angoni, nkunonso anthu sanali mtundu umodzi ayi, aliyense anali ndi chiyankhulo chake, malire ake, malamulo ake a ukwati ndi a maliro. Ana athu zimenezi amazimva msanga kuposa anzawo ambiri chifukwa amadziwa kale kuti munthu amakhala ndi kwawo, kumene kuli manda a makolo ake. Mawu oti Country amene ma Aboriginal amatchula, ine ndinawamasulira kuti "kumudzi", koma kumudzi kophatikiza mtsinje, phiri, nyama, mizimu ya makolo ndi nyimbo zake zomwe. Tengani sabata imodzi kapena ziwiri pa zimenezi zokha, mukayende kutchire la pafupi, muphunzire mawu awiri atatu a chiyankhulo cha kumaloko. Osathamanga.

Pomweponso muwaphunzitse katchulidwe. Eni nthakawa ndi ma Aboriginal, kapena First Nations, ndipo a ku zilumba za kumpoto ndi ma Torres Strait Islander, anthu ena paokha. Kulidula dzina loti Aboriginal kuti lifupike ndi chitukwano chachikulu, ana amachimva pabwalo la masewero nkumayesa ndi dzina wamba. Auzeni lero lomwe.

Chachitatu, sankhani nkhani imodzi, ya malo amodzi, makamaka ya pafupi ndi kwanu. Nambala ya 10,000 mwana saigwira. Anthu 14 pa mtsinje umene akuudziwa amawagwira. Ife tinayamba ndi Appin chifukwa ndi imene anafunsa. Mu April 1816, patatha zaka za chilala ndi kuphana pakati pa alimi achizungu ndi eni nthaka, bwanamkubwa Lachlan Macquarie anatuma magulu a asilikali kukasaka anthu. Gulu la Captain James Wallis linafika pa msasa wina usiku wa pa 17 April, ndipo Wallis mwini wake analemba mu buku lake kuti chimene chinawalozera pamene panali anthu ndi kulira kwa mwana. Anawombera, anthu pothawa mumdima ena anagwera mchigwembe cha mtsinje wa Cataract. Asilikali anawerenga mitembo 14, a Dharawal ndi a Gandangara, nkugwira amayi awiri ndi ana atatu.

Kwa wa zaka 9 ndinanena chonchi, titakhala pa kapeti masana dzuwa likuwala, osati nthawi yogona: "Eya mwanawe nzoona. Anthu anali atagona pamsasa pawo, pa dziko lawo. Bwanamkubwa anatuma asilikali, asilikaliwo anawombera, ndipo anthu 14 kapena kuposa anafa, ena anali amayi ndi ana. Chinali chinthu choipa kwambiri. Ena anapulumuka, ndipo zidzukulu zawo zilipo mpaka lero, zina zimakhala konkuno." Basi. Ndinasiyira pomwepo nkudikira. Anafunsa ngati ana aja ankadziwa kuti kubwera asilikali, ndinati ayi. Anafunsa ngati zingachitikenso kwa ife, ndinati ayi, uli otetezeka, ndili pano. Kenako anapempha tiyi. Mwana akasiya kufunsa inunso siyani, abweranso yekha mawa kapena sabata yamawa ndi funso lina, wanga anabwera patatha masiku anayi tili mu galimoto.

Zimene sindinamuuze wamng'onoyo koma mkulu wake ndinamuuza: kuti Macquarie analamula kuti mitembo ya amuna ipachikidwe mmitengo kuti otsala achite mantha, ndipo zinachitikadi kwa awiri, mmodzi dzina lake Cannabaygal, ndiponso kuti mitu yawo inadulidwa, chigaza cha Cannabaygal chinakapezeka ku yunivesite ya Edinburgh ku Scotland. Kusiya mbali ina chifukwa cha msinkhu si kunama. Kunama ndi kunena kuti "panali kusamvana pang'ono".

Chachinayi chikuchokera pomwepo: tchulani amene anachita. Mabuku ena ndi zikwangwani zina zimalemba ngati anthu anangofa okha, "miyoyo inatayika", "mitundu inazimirira". Ayi. Nenani kuti asilikali anawombera, bwanamkubwa analamula, apolisi anapha. Koma samalani kuti mwana asatuluke mnyumba ndi mawu oti azungu onse ndi oipa, chifukwa mawa akakhala pa desiki limodzi ndi mnzake wachizungu amene sanalakwe kanthu. Apa nkhani imene imandithandiza kwambiri ndi ya Myall Creek, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono.

Pa 10 June 1838, pa famu ya Henry Dangar pafupi ndi tauni ya Bingara kumpoto kwa New South Wales, panali gulu la a Wirrayaraay limene linakhala pamenepo masabata angapo mwamtendere, kuthawa ziwembu za kwina. Amuna amphamvu anali atapita kukagwira ntchito pa famu ina. Madzulo kunabwera amuna a pa mahatchi, oweta ng'ombe, ambiri mwa iwo akaidi kapena amene anali akaidi kale, motsogozedwa ndi John Fleming. Anamanga anthu pa chingwe chimodzi, amayi, ana ndi nkhalamba, nkupita nawo kuseri nkukawapha, anthu osachepera 28, kenako anazabweranso kuzaotcha mitembo. Tsopano mverani mbali imene ndimafuna mnyamata wanga aione bwino. George Anderson, mkaidi amene ankasunga kanyumba ka pa famupo, anakana kupita nawo ndipo anazaperekera umboni kukhoti ngakhale moyo wake unali pachiswe. William Hobbs, kapitawo wa famuyo, atabwera nkuona zotsalira anakanena kwa boma, ntchito nkumuthera. Loya wamkulu wa boma John Plunkett anawazenga mlandu anthu 11, koyamba khoti linawamasula patangotha mphindi zochepa, iye sanagonje anatsegulanso mlandu wina, ndipo anthu 7 anapezeka olakwa nkunyongedwa pa 18 December 1838. Fleming sanaimepo pakhoti. Mnyamata wa chi Aboriginal wa pa famupo amene anaona zinthu sanathe kuperekera umboni, chifukwa malamulo a nthawi imeneyo sankalola umboni wa munthu amene sangalumbire pa Baibulo. Ndipo pa malo mazana aja a pa mapu, kunyongedwa kwa azungu chifukwa chopha ma Aboriginal kunali kosowa zedi, nchifukwa chake Myall Creek imadziwika.

Ndikamaliza ndimamufunsa mnyamata wanga kuti, Anderson ndi ambiri mwa amene anapha aja anali akaidi, moyo wawo unali wofanana, nanga chinasiyanitsa nchani? Osamuyankhira. Musiyeni alimbane nalo funsolo.

Chachisanu, musaiwale kuti anthuwa anamenya nkhondo, sanangokhala kudikira. Pemulwuy analimbana ndi atsamunda mmbali mwa Sydney kuyambira 1790 mpaka pamene anamuwombera mu 1802. Windradyne wa a Wiradjuri anawavuta ku Bathurst mpaka boma linalengeza lamulo la nkhondo mu 1824. Yagan wa a Noongar anaphedwa mu 1833, mutu wake unatengedwa kupita ku England, anthu ake anaumenyera mpaka unabwerera mu 1997 nkuikidwa mmanda mu 2010, lero pakati pa Perth pali bwalo lotchedwa Yagan Square. Jandamarra wa a Bunuba ku Kimberley anafa mu 1897 atazunguza apolisi zaka zitatu. Ana amakonda mayina amenewa, ndipo akuyenera kuwadziwa mmene amadziwira asilikali a Australia amene anamenya nkhondo ku Gallipoli, amene kuno amawakumbukira pa 25 April.

Apa mpamene ndimalowetsa za kwathu, koma mosamala. Ana anga amamudziwa John Chilembwe, amadziwa za thangata ndi za 1915, amadziwa kuti pa 3 March timakumbukira anthu amene anawomberedwa mu 1959 ku Nkhata Bay ndi madera ena. Ufumu wake ndi umodzimodzi wa Britain. Ndiye ndikawauza kuti kuphedwa kwa anthu ku Coniston, ku Northern Territory, kunachitika mu 1928, zaka 13 Chilembwe atafa kale, ndiponso kuti wapolisi George Murray ndi gulu lake anavomera okha kuti anapha anthu 31 pamene a Warlpiri ndi anzawo amanena kuti anali ochuluka kuposa apo, boma litafufuza nkunena kuti palibe analakwa, amaona kuti izi si za kalekale. Koma ndimawauzanso kusiyana kwake mosabisa. Ife atsamunda anapita mu 1964, dziko tinatsala nalo, Chichewa tikuyankhula. Kuno obwera aja sanapite, eni nthaka anasanduka ochepa pa dziko lawo lomwe, ziyankhulo zambiri zinasweka, ana awo ankalandidwa ndi boma mpaka cha mma 1970. Ndiye tisamathamangire kunena kuti "ifenso tinaona zomwezo". Ndipo chinthu china chowawa chimene ine ndinachedwa kuchivomera: ifenso tinabwera pa ndege ndi viza, nyumba imene tikulipira lendiyi ili pa nthaka yomwe ija inalandidwa. Khungu lakuda silitichotsa mu nkhaniyi. Ndife alendo, ndipo kwathu mlendo akafika pamudzi amayamba wadziwa kuti eni mudzi ndi ndani, kumanda ndi kuti.

Chachisanu ndi chimodzi, pitani nawo kumalo okumbukira. Ichi ndi chimene chinasintha zinthu mnyumba mwathu kuposa zonse ndalembazi. Chaka chilichonse mu April anthu amasonkhana ku Cataract Dam kukumbukira a ku Appin, ndipo aliyense amaloledwa. Ku Myall Creek mwambo umachitika mu June, chikumbutso chake chinatsegulidwa pa 10 June 2000, pali kanjira kokhotakhota kokhala ndi miyala yolembedwa nkhaniyo pang'onopang'ono mpaka kukafika pa chimwala chachikulu pamwamba pa chitunda, ndipo chimene chimandigwira mtima nchakuti amene anayambitsa ndi zidzukulu za opulumuka, monga mayi Sue Blacklock, pamodzi ndi azungu a mderalo, mpaka zidzukulu za amene anapha zinabwera nkukumbatirana ndi zidzukulu za ophedwa. Kuchokera ku Sydney ndi ulendo wa tsiku lathunthu, June kumazizira koopsa, tengani majekete ndi chakudya.

Musananyamuke akonzekeretseni ana ngati mukupita kumaliro, chifukwa ndi maliro ndithu. Athu amadziwa kale mwambo wa pa siwa: sitithamanga, sitiseka mokweza, foni mthumba, akulu akamayankhula timakhala chete. Auzeni kuti kukhala utsi wa masamba umene anthu amadutsamo, ndi mwambo woyeretsa, akaitanidwa adutse mwaulemu. Akuluakulu a chi Aboriginal amatchulidwa kuti Aunty ndi Uncle, zimene kwa ana athu sizachilendo. Osajambula munthu kapena gule musanapemphe. Osatola mwala kapena kanthu kalikonse kupita nako kunyumba. Ulendo wathu woyamba ku Cataract mtsikana wanga anandigwira dzanja mwamphamvu nthawi yonse, utsi ukumulowa mmaso, ndipo agogo ena atamaliza kuyankhula anandinong'oneza mu Chichewa kuti "Amayi, tikawapepese?" Tinapita, anangopereka moni nkunena dzina lake, agogowo anamugwira paphewa.

Dziwaninso kuti mmadera ambiri a ma Aboriginal sibwino kuonetsa chithunzi kapena kutchula dzina la munthu amene wamwalira posachedwa, nchifukwa chake pa TV ndi mmabuku mumaona chenjezo poyamba. Mwana akamapanga pulojekiti ya kusukulu muuzeni aike chenjezo lomwelo ngati muli zithunzi zakale.

Chachisanu ndi chiwiri ndi chachifupi: gwiritsani ntchito kalendala kuti nkhani isakhale ya tsiku limodzi. Pa 13 February mu 2008 nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa chifukwa cha ana olandidwa aja. 26 May ndi Sorry Day, tsiku lokumbukira ana omwewo, 27 May mpaka 3 June ndi Reconciliation Week, sabata ya chiyanjanitso, mu July muli NAIDOC Week imene ndi ya chisangalalo, magule, zojambula, mpira, ndipo kumeneko apiteni nawo ndithu kuti aone anthu amoyo akuseka. 26 January ndiye lovuta, ena amati Australia Day, ena Invasion Day, ena Survival Day, ndipo ambiri a ife unzika tinalandira tsiku lomwelo. Auzeni ana kuti kudandaula za tsikuli sikunayambe dzulo, pa 26 January 1938 William Cooper, Jack Patten, William Ferguson ndi anzawo anachita kale msonkhano ku Sydney nkulitcha tsiku la maliro.

Chomaliza, yang'anirani zimene mwana achite nazo nkhaniyi akatuluka pakhomo. Muuzeni asakamufunse mnzake wa chi Aboriginal pagulu kuti "eti agogo ako anaphedwa?", mwana mnzakeyo si mphunzitsi ndipo mwina ndi chilonda cha pabanja pawo. Akafuna kudziwa zambiri, mufunse aphunzitsi ngati sukulu ili ndi wogwira ntchito wa chi Aboriginal woona za maphunziro, masukulu ambiri a boma kuno ku New South Wales ali nawo, kapena mupite ku Local Aboriginal Land Council ya kwanu, bungwe la eni nthaka a mderalo, mukafunse za maulendo amene eni ake amatsogolera, ndipo ngati pali kolipira lipirani osanyinyirika. Mwana akayamba kulota zoopsa kapena kukana kugona yekha, imani kaye, bwererani ku mapu ndi nyimbo ndi mayina a mbalame, zinazo zidikire. Wamkulu akabwera ndi mkwiyo musamuzimitse, mpatseni chochita: alembe, ajambule, awerenge za Yoorrook Justice Commission ya ku Victoria imene inakhala zaka zingapo ikumva umboni wa eni nthaka, kapena afufuze chifukwa chake referendamu ya pa 14 October 2023, yofuna kukhazikitsa bungwe la eni nthaka lolangiza nyumba ya malamulo, inakanidwa, abwere muzakambirane pa tebulo.

Wanga wa zaka 14 pano ali pa nkhani ya mayina. Anazindikira yekha kuti Macquarie Fields imene timadutsa pa sitima, Macquarie Street ya mtauni ndi yunivesite ija zonse ndi dzina la bwanamkubwa yemwe uja, ndipo Campbelltown yathuyi ndi dzina la kwawo kwa mkazi wake, Elizabeth Campbell. Anandifunsa ngati mayinawa akuyenera kuchotsedwa. Ndinamuuza maganizo anga, kuti ine ndingakonde pa chikwangwani chilichonse cha Macquarie palembedwenso za pa 17 April 1816, iye akuti zimenezo nzochepa. Tagwirizana kuti April akubwerayu ku Cataract akamvetsere kaye zimene a Dharawal eni ake akunena, ndipo wayamba kale kulemba mafunso ake mkakope.